Zilembo zikakula, batani limapita kuti? Za mafonti ndi ma widget pa foni ndi kompyuta

Anyamata okonza mafoni ku Ulónguè ndi mu mzinda wa Tete amalimva kawirikawiri dandaulo ili. Agogo maso afooka, ndiye mdzukulu walowa mu Definições (Settings, mosinthira zinthu za foni) n'kukulitsa zilembo. Mauthenga ayamba kuwerengeka, mayina a anthu akuoneka. Koma pulogalamu ina sinasinthe n'komwe, pamene ina zilembo zakula mpaka batani lotumizira lakankhidwira kunsi kwa sikirini kumene chala sichifika. Kwa mlembi wa pasukulu ku Tsangano vutoli limabwera mwa mtundu wina: kalata imene inali ya tsamba limodzi mu ofesi yasanduka ya masamba awiri kosindikizitsa, ndipo pomwe panali ŵ paima kabokosi kopanda kanthu. Ambiri amafulumira kunena kuti kwalowa vayirasi. Nthawi zambiri si choncho. Zonsezi zimachokera pa chinthu chimene wogwiritsa ntchito sachiona, chotchedwa toolkit, ndi mmene chimayezera zilembo chisanajambule chilichonse.

Widget ndi toolkit

Chilichonse chimene mumachigwira pa sikirini olemba mapulogalamu amachitcha widget. Batani ndi widget. Kabokosi kolembamo nambala ya foni ndi widget. N'chimodzimodzi kamzere kokokera tsamba m'munsi, mndandanda umene umatsika mukaudina, ngakhalenso mawu ongoikidwa pambali onena kuti "Nome". Zenera lonse la pulogalamu nalonso ndi widget yaikulu imene yanyamula ting'onoting'ono, ndipo tina mwa ito tanyamulanso tinzake. Pa ntchitoyi amanena za kholo ndi mwana: zenera ndi kholo, batani ndi mwana wake. Chibale chimenechi musachiiwale, chifukwa fonti imayenda motsata icho.

Toolkit ndi gulu la ma widget opangidwa kale, pamodzi ndi malamulo a mmene amakhalira moyandikana, mmene amamvera chala kapena mausi, ndi mmene amajambulidwira. Mmisiri womanga nyumba ku Moatize sapanga yekha zitseko ndi mafelemu a mazenera. Amakagula kwa owotcherera zitsulo, iye n'kusiya mipata pakhoma n'kuzilowetsa. Wolemba pulogalamu nayenso sayamba n'kulemba mmene batani limaonekera likadinidwa. Amangouza toolkit kuti pano pakhale batani, mawu ake akhale akuti, likadinidwa pachitike zakuti.

Mazenera ndi mausi zinayesedwa ku Xerox PARC ku California pa kompyuta ya Alto mu 1973, ndipo zinafika kwa anthu ambiri ndi Macintosh ya Apple mu 1984. Chaka chomwecho ku yunivesite ya MIT ku America kunayambika X Window System, imene inkapereka mazenera ndi njira yojambulira, koma osalamula kuti batani lizioneka bwanji. Mpata umenewo ndi umene unabala ma toolkit ambirimbiri a pa Unix ndi Linux. John Ousterhout ali ku yunivesite ya Berkeley anatulutsa Tk mu 1991, ndipo mpaka lero wophunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu, amakumana nayo pa dzina la Tkinter. Qt inachokera ku Norway kwa Haavard Nord ndi Eirik Chambe-Eng, n'kutuluka poyera mu 1995. GTK inabadwira m'pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, ndipo GTK 1.0 inatuluka mu 1998. Pa magulu a mapulogalamu amene amapatsa Linux maonekedwe ake, KDE inamangidwa pa Qt, GNOME pa GTK. Windows, Android ndi iPhone zili ndi ma toolkit awoawo. Choncho pa kompyuta imodzi mutha kutsegula mapulogalamu atatu omangidwa ndi ma toolkit atatu, iliyonse ndi malamulo ake.

Fonti ndi miyeso

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kusintha mtundu wa batani kuli ngati kupaka chitseko penti wina: khoma silikhudzidwa. Kusintha fonti ndi kubweretsa chitseko cha saizi ina. Mpata wapakhoma uyenera kugumulidwa kapena kuwonjezeredwa njerwa.

Fonti ndi failo. M'kati mwake chilembo chilichonse chili ndi maonekedwe ake, olembedwa ngati mizere ndi mapindo a masamu, komanso manambala onena kukula kwake. Pali nambala yonena kuti ukalemba chilembo ichi usunthe mtunda wotani usanalembe chotsatira: i ndi wowonda, m ndi wonenepa. Pali mzere wosaoneka umene zilembo zonse zimaimapo. Zilembo monga b, d ndi l zimatalikira m'mwamba, pamene g, j, p ndi y zimalendewetsa miyendo pansi pa mzerewo. Zachipwitikizi monga ã ndi ê zimafuna malo a chipewa chawo. Fonti iliyonse imanena yokha kuti imafuna malo ochuluka bwanji pamwamba ndi pansi, ndipo toolkit imakhulupirira zimenezo.

Kale zilembo za pa sikirini zinkasungidwa ngati timadontho, saizi iliyonse ndi failo yakeyake, moti ukazikulitsa zinkaoneka za manomano. Adobe inabweretsa PostScript mu 1984, imene inkasunga zilembo monga mizere yotha kukula mmene ungafunire. Apple inatulutsa TrueType mu 1991, Microsoft n'kuilowetsa mu Windows 3.1 mu 1992, kenako Microsoft ndi Adobe anagwirizana pa OpenType. Mafailo othera ndi .ttf ndi .otf amene mumawaona ndi ana a mbiri imeneyi.

Nanga 12 amene timasankha mu Word uja ndi 12 wa chiyani? Ndi muyeso wa osindikiza wotchedwa point, ndipo mu inchi imodzi muli ma point 72. Koma sikirini sidziwa inchi, imadziwa timadontho take totchedwa ma pixel. Windows inatenga kuti mu inchi muli ma pixel 96, kotero saizi 12 imakhala ma pixel 16. Pa laputopu wamba zimenezi zimawerengeka bwino. Pa foni, pomwe inchi imodzi imatha kukhala ndi ma pixel 300 kapena kupitirira 400, chilembo cha ma pixel 16 chingakhale kachidontho chabe. N'chifukwa chake Android ili ndi miyeso yake iwiri. Woyamba ndi dp, umene umawerengera kuthithikana kwa ma pixel a foniyo kuti batani likhale la saizi yofanana pa mafoni osiyana. Wachiwiri ndi sp, umene umachita zomwezo koma n'kuwonjezera saizi imene mwini foni wasankha mu Definições.

Yankho la agogo aja ndi limeneli. Wolemba pulogalamu akayeza zilembo ndi sp, zimakula mwini foni akafuna. Akayeza ndi dp kapena ma pixel enieni, ndiye kuti wazikhomerera, ndipo mungasinthe bwanji saizi ya zilembo mu Definições sizisuntha. Tk ili ndi kachizolowezi kake pa nkhani yomweyi: ukalemba 12 imamva ma point, ukalemba -12 imamva ma pixel. Kamzere kamodzi ako kamasokoneza ophunzira ambiri.

Chinanso, 12 wa fonti iyi si 12 wa fonti iyo. Calibri pa saizi 12 imatenga malo ochepa kuyerekeza ndi Arial pa saizi yomweyo, ndipo Verdana imatambalala kuposa zonse ziwiri. Kalata ya mlembi uja inakula chifukwa kompyuta ya kosindikizitsa inalibe fonti imene iye anagwiritsa ntchito, ndiye inangotenga ina imene ilipo. Chilembo chilichonse chikanenepa pang'ono, mizere imaduka pena, ndipo siginecha imagwera tsamba lachiwiri. Vutoli lafala chifukwa mu 2023 Microsoft inayamba kusintha fonti yoyambira ya Office kuchoka ku Calibri, imene inalipo kuyambira Office 2007, kupita ku Aptos, pamene makompyuta ambiri akale alibe Aptos. Kwa ogwiritsa LibreOffice, gulu la mapulogalamu aulere ofanana ndi Office, kuli mafonti aulere opangidwa dala kuti miyeso yake ifanane ndi ya ogulitsa: Liberation Sans m'malo mwa Arial, Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman, Carlito m'malo mwa Calibri. Maonekedwe amasiyana pang'ono, koma mizere imadukira pamodzimodzi. Njira yachidule kwambiri ndi kusunga kalatayo monga PDF, chifukwa PDF imatha kunyamula fonti m'kati mwake.

Kuyeza, kuyala, kujambula

Widget isanaoneke, toolkit imadutsa masitepe atatu, ndipo pa Android mayina ake amaonekeratu: onMeasure, onLayout, onDraw. Poyamba kholo limafunsa mwana aliyense kuti akufuna malo aakulu bwanji. Batani limayeza mawu ake ndi fonti imene lili nayo, n'kuwonjezera kampata m'mbali, n'kuyankha. Kenako kholo limagawa malo amene lili nawo. Pomaliza aliyense amajambulidwa pamalo pake. Fonti ikasintha, zonse zitatu ziyenera kubwerezedwa kuyambira poyamba.

Zimavuta pamene wolemba pulogalamu walumpha sitepe yoyamba, n'kulamula yekha kuti batani ili likhale ma pixel 80 m'lifupi ndipo liime pamalo akuti. Pa kompyuta yake zimaoneka zokongola. Zikafika kwa munthu wa zilembo zazikulu, mawu amadulidwa pakati kapena amakwerana. Mu Tk muli njira zonse ziwiri: place imakhomerera widget pamalo, pamene pack ndi grid zimasiya toolkit kuti iyeze yokha. Ophunzira amakonda place chifukwa imamveka msanga, ndipo ndi yomweyo imene imadzawagwetsa pambuyo pake. Chilankhulo nachonso chimayesa batani. "Save" ndi zilembo 4, "Guardar" ndi 7, "Sungani" ndi 7. Ndipo Chichewa chimalumikiza zambiri m'liwu limodzi: "sindinakutumizireni" ndi zilembo 19 zopanda mpata woti toolkit idulirepo mzere.

Nanga fontiyo amaisintha bwanji? Mu Qt ukhoza kuisintha pa pulogalamu yonse kamodzi ndi QApplication::setFont, kapena pa kholo limodzi, ana n'kutengera. Tk ili ndi mafonti a mayina monga TkDefaultFont: ukasintha saizi yake, widget iliyonse imene imaigwiritsa ntchito imasintha nthawi yomweyo. GTK kuyambira GTK 3 ya 2011 imagwiritsa CSS, chinenero chomwe chija chokongoletsera masamba a pa intaneti. Konseku lamulo n'lofanana: mwana amene anapatsidwa fonti yakeyake satengeranso ya kholo. Mukaona theka la zenera lasintha theka lina ayi, chifukwa chake chimakhala chimenecho.

Kujambula nako kuli ndi mwambo wake. Pulogalamu ya mazenera imakhala ikudikira zochitika: chala chagunda, mausi yasuntha, zenera lakulitsidwa. Widget ikafuna kusintha maonekedwe siingojambula pomwepo. Imadziwitsa toolkit kuti malo akuti akufunika kujambulidwanso, ndipo toolkit imaitana ntchito yojambulira pa nthawi yake, monga paintEvent mu Qt. Wophunzira amene akupanga girafu ya mitengo ya chimanga ndi mbatata ya ku Angónia akajambula mizere yake kunja kwa ntchito imeneyi, imaoneka kamodzi, koma akangokoka zenera imafufutika. Canvas ya Tk, widget yojambulapo, ndi yosiyana pang'ono, chifukwa imakumbukira mzere uliwonse ndi mawu aliwonse amene waikapo n'kumazijambulanso yokha. Koma ngakhale pamenepo, wojambula widget yake ayenera kufunsa fonti kuti mawu akuti ndi aatali bwanji, osati kungoganizira. Qt ili ndi QFontMetrics ya ntchito imeneyi, Tk ili ndi font measure.

Masikirini ambiri amasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti kuyeza, kuyala ndi kujambula ziyenera kutha m'mamilisekondi pafupifupi 16. Pulogalamu ikatanganidwa ndi kuwerengera kapena kudikira netiweki pa mzere wa ntchito (thread) womwewo umene umajambula, zenera limauma, ndipo munthu amadina kasanu poganiza kuti sizinamveke.

Batani amalijambula ndani?

Pali njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi kupempha Windows, macOS kapena Android kuti ipereke batani lake lenileni. Imeneyi ndi njira ya wxWidgets, imene Julian Smart anaiyamba ku Edinburgh mu 1992. Yachiwiri ndi yoti toolkit ipemphe malo opanda kanthu n'kujambulapo yokha chilichonse. Qt imajambula yokha motsanzira maonekedwe a kompyuta imene ilipo. Flutter ya Google, imene inafika pa 1.0 mu 2018, imajambulanso zonse yokha. Electron, yochokera ku GitHub mu 2013, imanyamula Chromium yathunthu, maziko a pulogalamu yotsegulira intaneti ya Chrome, m'pulogalamu iliyonse, kotero mabatani ake ndi tsamba la pa intaneti lovala ngati pulogalamu.

Mbali iliyonse ili ndi mfundo zake. Ogwiritsa mabatani a mwini foni amati pulogalamu yawo imafanana ndi zina zonse, imamvera zimene munthu wasankha, ndipo zowerengera anthu osaona monga TalkBack zimaizindikira popanda ntchito yambiri. Ojambula okha amati amalemba kamodzi n'kuyendetsa pa Android, iPhone ndi kompyuta, ndipo amadziwiratu mmene zidzaonekere kulikonse. Mtengo wake ndi wakuti toolkit iyenera kufunsa yokha saizi imene munthu wasankha ndi kuuza TalkBack kuti apa pali batani. Zambiri zimatero, koma zimadaliranso kusamala kwa wolemba. Komanso pulogalamu yonyamula makina ake onse ojambulira imalemera, ndipo kwa munthu amene amagula ma mega ochepa kapena foni yake ndi yodzaza kale, kulemera kumeneko si nkhani yaing'ono.

Chitsanzo chapafupi ndi mndandanda umene umabwera mukaimba nambala ya nyenyezi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Netiweki imangotumiza mawu okhaokha, ndipo kabokosi kamene amaonekamo ndi widget ya foni yanu. N'chifukwa chake mndandanda womwewo umaoneka mosiyana pa foni ya mabatani ndi pa foni yogwira pagalasi.

Kabokosi m'malo mwa ŵ

Kompyuta imasunga chilembo ngati nambala. Ndondomeko yakale ya ku Ulaya wa kumadzulo, ISO 8859-1 ya 1987, inali ndi ã, õ, ç ndi é, koma inalibe ŵ. Ndiye chifukwa chake kuno kwathu Chipwitikizi chakhala chikutuluka bwino pa makina amene Chinyanja chimapunthwa. Unicode, ndondomeko yopatsa nambala zilembo za zinenero za padziko, imene inayamba mu 1991, inapatsa ŵ nambala yake, U+0175. Chilembochi timagawana ndi anthu a ku Wales, amene nawonso amachilemba.

Koma nambala payokha sijambula kanthu. Fonti iyenera kukhala ndi chithunzi cha chilembocho. Ikapanda, toolkit imabwereka ku fonti ina, ndipo pa Linux ntchito yosakasakayi ndi ya fontconfig. Mukayang'anitsitsa liwu loti Malaŵi m'mafonti ena okongoletsa, muona kuti ŵ ndi wowonda kapena wamtali kusiyana ndi anzake: ndi mlendo wobwerekedwa. Nthawi zina amakankhanso mzere wonse kuti utalikirane ndi unzake, poti wabwera ndi miyeso ya kwawo. Pakasowa kobwereka, m'pamene pamaima kabokosi.

Pali njira ziwiri zolembera chilembochi: nambala imodzi ija, kapena w wamba wotsatidwa ndi kachipewa kapadera, U+0302. Kukhazika kachipewako pamalo pake ndi ntchito ya gawo lina monga HarfBuzz, limene GTK, Qt, Android, Chrome ndi LibreOffice zonse zimagwiritsa ntchito. M'maso ziwirizi n'zofanana, koma pulogalamu yosasamala ikhoza kulephera kupeza dzina posaka chifukwa manambala ake ndi osiyana. Zofananazo zimachitika ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe, kamene Word imakonda kukapinda pamene kiyibodi imalemba kowongoka.

Vuto ili musalisokoneze ndi lina lofanana nalo. Mukaona "São" atasanduka "SÃ£o", fonti ilibe mlandu. Manambala a UTF-8, njira yosungira zilembo za Unicode, awerengedwa ndi ndondomeko yakale ija, ndipo mungasinthe fonti kakhumi sizikonzeka. Pa SMS napo, ŵ mmodzi yekha amatsitsa malire a uthenga kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70.

Mafonti okwanira alipo ndipo ndi aulere. Banja la Noto la Google linapangidwa kuti likwanitse zilembo za zinenero zambiri za padziko. Andika ya bungwe loona za zinenero la SIL inapangidwira amene akuphunzira kuwerenga, ndipo a ndi g wake amafanana ndi amene mphunzitsi amalemba pa bolodi. Nkhani imeneyi ikukhudza chigawo chino mwachindunji, poti Tete ndi kumodzi mwa kumene kuphunzitsa m'zinenero ziwiri kunayesedwa koyamba, m'pulojekiti ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, ndi Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi.

Zimene sanagwirizanebe

Mkangano woyamba ndi wa ulamuliro. Kodi maonekedwe a pulogalamu ndi a wolemba kapena a mwini kompyuta? Mu 2019 ena mwa olemba mapulogalamu a GNOME analemba kalata yapoyera yopempha ogawa Linux kuti asiye kuveka mapulogalamu awo mitundu ina, ponena kuti zimenezo zimaswa zinthu zimene iwo anaziyesa kale. Mu 2022 GNOME 42 inabwera ndi libadwaita, gulu la ma widget lomangidwa pa GTK, imene imachepetsa kusinthasintha kotero. Ena amati kompyuta ndi yawo, ndipo kusankha maonekedwe ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anasankhira Linux.

Wachiwiri ndi wa kuthwa kwa zilembo. Pa sikirini ya ma pixel ochepa, mapindo a chilembo sagwera ndendende pa timadontho, ndiye kwa zaka zambiri panali njira zokankhira mizere kuti igwere bwino, ndi zina monga ClearType zogwiritsa timagawo tofiira, tobiriwira ndi tabuluu ta pixel iliyonse. Apple inazimitsa njira ya timagawoyi mu macOS Mojave mu 2018, ndipo GTK 4 ya 2020 nayo siigwiritsa ntchito. Pa masikirini atsopano othithikana kusiyanako sikuoneka. Pa malaputopu a 1366×768 amene adzaza m'maofesi ndi m'masukulu athu kumaoneka. Kodi olemba ma toolkit apitirize kusamalira makina akale mpaka liti, ndipo ntchitoyo alipire ndani?

Wachitatu ndi wa malire a kukulitsa. Android 14 imalola zilembo kukula mpaka 200%, ndipo imakulitsa kwambiri zazing'ono kuposa mitu imene ndi yaikulu kale. Kwa amene maso avuta, imeneyi ndi nkhani yabwino. Kwa wolemba pulogalamu, ndiye kuti tsamba lililonse liyenera kuyesedwa pa saizi zambiri, ndipo palibe mgwirizano woti malo akatha chiyenera kugonja n'chiyani: mawu adulidwe, batani litsike, kapena chithunzi chichoke.

Wotsiriza ndi wathu. Ku Malawi amalemba Chinyanja ndi ch, pamene kalembedwe kovomerezeka ku Mozambique kamalemba Cinyanja ndi c. Ena amalemba ŵ, ambiri anamusiya, mwa zina chifukwa makiyibodi a Chipwitikizi ndi a Chingerezi alibe batani lake. Akamasowa m'zolemba, opanga mafonti saona chifukwa chomuikira, ndipo akamasowa m'mafonti anthu amapitiriza kumusiya. Pulogalamu ikamasuliridwa kuti igwire ntchito ku Ulónguè ndi ku Dedza komwe, mawu a pa mabatani atsate kalembedwe kati, ndipo wosankha akhale ndani?